A Gerishon Kalimanjira ndi Nyemba za Kaphulusa

Malemu amene agona patsogolo pathuwa, a Dokotala Gerishon Kalimanjira, anabadwa pa 9 Juni 1950 m'mudzi mommuno, kuseri kwa Matandani, m'nyumba yaudzu imene inali pamene aima amayi a mpingo a gulu la Dorika apo. Anali achiwiri kubadwa m'banja la a Laimoni Kalimanjira ndi mayi Anangozo. Oyamba ndi achemwali awo, a Kettie, amene akhala kumutu kwa bokosiwo. Ena atatu anamwalira ali makanda. Ine amene ndikuwerengane ndine Dailesi, msuweni wawo. Banja landipatsa pepalali chifukwa ndinakula nawo, komanso pachisuweni munthu amatha kunena zimene ana ndi alongo sangazikwanitse. Mafumu, abusa ndi inu mwachokera kutali, ulemu wanu muulandire pamodzi, chifukwa ndikati nditchule mmodzimmodzi, kumanda tikafika dzuwa litapendeka.

Udokotala wawo sunali wa jakisoni. Ena mwa inu munabwerapo pakhomo pano ndi ana odwala n'kubwerera mukung'ung'udza. Anali dokotala wa maphunziro, wasayansi wofufuza za mbewu, ndipo mwa mbewu zonse, moyo wawo unathera pa nyemba.

Bambo awo anapita kumigodi ku Joni, anabwerako ndi chifuwa, n'kumwalira mu 1959. Anangozo analera ana awiriwo ndi khasu. M'munda mwawo ankadzalamo nyemba zina zing'onozing'ono, zotuwa, zoyanga m'mapesi a chimanga, zimene kuno tinkazitcha kaphulusa. Sizinali nyemba zonyaditsa. Pamsika anthu ankangozilambalala, ndipo pamoto zinkamaliza nkhuni. Koma sizinkafumbwa. Nanyati ukamuika m'mbiya mu Meyi, pofika Okutobala umapeza ufa ndi anankafumbwe okhaokha. Kaphulusa ankafika Febuluwale ali wathunthu, nthawi imene ndiwo zimavuta. Tonse tinkazidziwa zimenezi ndipo panalibe wofunsa chifukwa chake. A Gerishon okha, ali ndi zaka khumi, anatenga zikho ziwiri, china cha kaphulusa china cha nanyati, anagwira anankafumbwe n'kuthiramo, n'kukabisa pansi pa nkhokwe kuti aone chichitike n'chiyani. Mayi awo atazipeza anawakwapula chifukwa choweta tizilombo m'chakudya.

Sukulu anayamba mu 1958 ku Matandani, ndipo anabatizidwa mu 1964. Mu 1966 anapita kusekondale ku Malamulo, mu 1970 anasankhidwa kupita ku Bunda. Anamaliza mu 1974 n'kuyamba ntchito pamalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe. A Kettie sukulu anailekera Sitandade 2 kuti azithandiza mayi kumunda. Dzina lawo amalemba, manambala amawadziwa, basi. Koma pepala lililonse lolembedwa ankalilemekeza kwambiri, chifukwa ankaona kuti mapepala ndi amene anakweza mlongo wawo.

Pa 14 Ogasiti 1977 malemuwa anamanga ukwati woyera ndi mayi Prisca, mphunzitsi wochokera ku Ligowe, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Kuyambira 1980 mpaka 1984 anali ku America, kumene anakatenga udokotala uja. Makalata awo ndinkawawerengera Anangozo ndine. Kalata iliyonse, asanafunse za moyo wathu, ankayamba afunsa ngati kaphulusa wadzalidwa. Ankalemba kuti kumene anali kulibe phiri loti maso n'kupumirapo, ndipo kuti madzulo amatseka buku n'kumayenda m'mutu njira yochokera kumpanje kutsikira kudimba, mwala ndi mwala. Anangozo ankati ndiwayankhe kuti asiye zolota, amalize abwere.

Atabwerako, mu 1985 anayamba ntchito imene ankaiwerengera kuti ndi yawoyawo. Ankafuna nyemba yaikulu, yofiira, yoti igulike pamsika, koma yosafumbwa ngati ya mayi awo. Njira yake inali kukwatitsa maluwa. Ankatsegula duwa la nyemba yofiira ndi kachitsulo kosongoka, kutenga mungu wa duwa la kaphulusa, kupakapo, n'kumangirira ulusi pakhosi pa duwalo kuti asaliiwale. Zobadwazo ankadzala, kusankha zabwino, kudzalanso, chaka ndi chaka. Mtundu uliwonse unkakhala mu envelopu yakeyake yolembedwa nambala.

Kumpingo ena sizinawakomere. Ankati a Gerishon akukonza zimene Mlengi anamaliza kale. Iwo sanakwiye. Atabwera kutchuthi ananyamula maluwa m'chipewa n'kukawaonetsa akulu ampingo pansi pa mtengo. Anawauza kuti njuchi zimachita zomwezo tsiku lililonse osaitanidwa kubwalo, ndipo kuti iwo sangathe kupanga nyemba ngakhale imodzi, amangonyamula mungu, zotsalazo amadikira ngati mlimi aliyense. Kuntchito nako anzawo ankawatcha abusa. Duwa la nyemba silidikira munthu, likafika tsiku lake lafika, koma a Gerishon pa Sabata kachitsulo kaja sankakagwira. Maluwa a tsiku limenelo ankapita padera, iwo n'kumati amenewo ndi a Mwini wake. Choncho kuno ankaoneka munthu wamabuku wosaopa Mulungu, uko ankaoneka wopemphera wochedwetsa ntchito. Iwo eni ake sankaona kuti pali ndewu pamenepa.

Tsopano ndafika pa 1992, ndipo ndinena mmene zinalili, chifukwa a Kettie andiuza kuti ndisadumphe. Chaka chimenecho mvula inakana. Munda wawo woyesera unapsa, ndipo pa zaka zisanu ndi ziwiri za ntchito panatsala maenvelopu 62 a mbewu. Anaganiza zowabweretsa kuno, chifukwa kasupe wa kudimba kwa Anangozo sanaphwepo. Mu Julayi anafika nawo m'katoni, onse, osasiyako ndi imodzi yomwe kuntchito. Anapezanso kuti m'mudzi monse anthu adya mbewu zawo chifukwa cha njala, ndipo kaphulusa weniweni watsala m'kambiya kamodzi ka mayi awo. Katoni ndi kambiyako anaziika kuchipinda, n'kupita kumsonkhano ku Lilongwe, kuti chisanu chikachepa mu Ogasiti adzadzale.

Patapita masiku asanu ndi atatu, Anangozo anagwa pokatunga madzi ndipo sanadzukenso. Foni kunalibe. Uthenga unakaulutsidwa pa wailesi, ndipo banja linagwirizana kuti mwambo udikire mwana wamwamuna. Tinadikira masiku atatu. Anthu anali ambiri, ena obwera kudzalira, ena, tinene zoona, obwera chifukwa pamaliro pamapezeka chakudya. Ufa unapezeka wopemphapempha, koma ndiwo kunalibe. Masamba anali atauma, mbuzi tinali titagulitsa. Mwambo wathu mukuudziwa: chimene chili m'nyumba yamaliro chimadyetsa olira, ndipo mayi wamkulu wa pakhomo akalephera, manyazi amakhala ake mpaka kale. Mayi wamkuluyo tsikulo anali a Kettie. Analowa kuchipinda, napeza nyemba. Anaganiza bwinobwino, monga munthu wosamala. Anaona kuti zofunika kwa achimwene awo ndi mapepala olembedwawo, nyemba ndi nyemba basi, zidzagulidwa zina. Anatsegula envelopu iliyonse mosamala, osang'amba nambala, kukhuthulira mumphika waukulu pamodzi ndi za m'kambiya zija. Maenvelopuwo anawasanja, kuwamanga ndi luzi, n'kuwaika pamwamba kuti ana asawagwire.

A Gerishon anafika tsiku lachitatu masana, atayenda pansi mtunda wautali chifukwa galimoto inathera panjira. Anawapatsa chakudya, anadya. Tonse tinadya, ndipo ena muli panowa munapemphanso msuzi. Titachoka kumanda, a Kettie anabwera ndi mtolo wa maenvelopu m'manja awiri, n'kugwada, kuwauza kuti mapepala awo onse ali bwino, palibe latayika. A Gerishon anauyang'ana mtolowo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Achemwali, mwasiyako ngakhale za m'manja?" Panalibe. Anakasesa kuchipinda ndi manja, anakafufuza kumene amayi ankasankhira nyemba, koma nkhuku zinali zitadutsamo kale. M'mawa mwake ananyamuka osatsanzika.

M'mudzi muno sanapondemo zaka 17. Akazi awo ndi ana ankabwera, katundu ankatumiza, denga la a Kettie anafoleretsa ndi iwowo, koma phazi lawo ayi. Musaganize kuti kumudzi anakuiwala. Ana awo akuti Lachisanu lililonse, Sabata likamalowa, ankakhala pakhonde atayang'ana mbali ya kuno. Ndipo kawirikawiri ankayendetsa galimoto mpaka pa Zalewa. Ankaimika pamsika, kupita pamene amagulitsa nyemba, n'kumapisa dzanja mumulu uliwonse kufuna kambewu kotuwa. Pamenepo ndi pamene anadziwana ndi a Amidu, eni shopu ya pamsikapo, amene akhala ndi anzawo a kumzikiti cha uko. A Amidu poyamba ankayesa kuti ndi wa boma woyendera masikelo. Atamva nkhani yake anayamba kuwapatulira nyemba iliyonse yotuwa imene yafika pamsikapo, ndipo achita zimenezi zaka zoposa makumi atatu. Akuti malemuwa akamaliza kufufuza ankaima kuseri kwa shopu, kumayang'ana mapiri athuwa, n'kumawatchula mayina. A Amidu ankawauza kuti, "Adokotala, msewu ndi uwo, simulipira chiphaso." Iwo ankangoseka, kulowa m'galimoto, n'kubwerera kumene ankakhala. Ine ndinawapezapo kamodzi pamenepo. Ndinawauza kuti ndi wamakani ngati bulu. Anandifunsa ngati mtengo wa manachesi wa kuseri kwa khitchini udakalipo.

Pazaka zimenezo ntchito sanaileke. Anasamukira ku Chitedze mu 1995, kenako anakaphunzitsa ku Bunda mpaka anapuma mu 2010. Anathandiza kutulutsa mitundu ina ya nyemba imene ena mumadzala osadziwa kuti inadutsa m'manja mwawo. Anaphunzitsa achinyamata ambiri, ndipo ndaona ena abwera ndi magalimoto. Achinyamatawo anandipatsa mndandanda wa mayiko amene malemuwa anapitako ndi mapepala amene analemba. Ndi masamba anayi, wofuna adzawerenge kunyumba. Ophunzira awo akuti chinthu choyamba chimene ankawauza tsiku loyamba chinali chakuti mbewu sasungira malo amodzi. Sankafotokoza kuti anaziphunzira kuti.

Mayi Prisca anatisiya pa 3 Novembala 2009, ndipo anakaikidwa kwawo ku Ligowe. A Kettie anapita, anagwira ntchito kukhitchini masiku onse. Atatha maliro, a Gerishon anawapeza akutsuka miphika kuseri. Anapatsana moni ngati anaonana dzulo. Chaka chotsatira malemuwa anabwera ndi amisiri n'kumanga kanyumba aka, moyang'anizana ndi khomo la achemwali awo. Zaka khumi ndi zisanu akhala choncho. M'mawa uliwonse mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu. Kutchalitchi ankapitira limodzi. Chakudya ankawaphikira ndi a Kettie, koma nyemba sanawaphikirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo a Gerishon sanafunsepo chifukwa. Za 1992 panalibe wotchula. Ine zinkandinyansa kuona nkhalamba ziwiri zikuzungulira nkhani imodzi ngati zikuzungulira dzenje, koma ndikati ndiyambitse, wina ankakumbukira kuti nkhuku sizinatsekeredwe.

Kufufuza kuja sanasiye. A Amidu akatumiza nyemba zotuwa, malemuwa sankakhulupirira maonekedwe. Ankawerenga nyemba makumi asanu kuika m'botolo, kuthiramo anankafumbwe khumi, kumanga kansalu pakamwa. Pambali pake ankaika botolo lina la nanyati wamba, loti lizichitira umboni kuti tizilomboto tili ndi mphamvu. Pakatha sabata ankachotsa tizilombo takale, n'kudikira kuti mazira ake aswe. Lamulo lawo linali masiku 60. Nyemba ikabooka ngakhale imodzi masikuwo asanakwane, si kaphulusa. Anayesa maulendo 34, ndipo maulendo onsewo zinabooka. Ankalemba m'kope, kutaya nyembazo kunkhuku, kutsuka botolo, n'kuliika pawindo.

Kumapeto kwa Meyi chaka chino, mayi wina wochokera kutsidya kwa malire, cha ku Zobuwe, anafika pa Zalewa ndi kathumba ka nyemba zotuwa. A Amidu atamufunsa, anati ndi mbewu ya malemu mayi ake. Achikulire mukukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene othawa nkhondo ankabwera m'mapiri muno kudzagwira ganyu, ife n'kumawapatsa chimanga kapena nyemba. Mayiyo anati mayi ake anazilandira kwa gogo wina wa kuno, anazisunga, ndipo pobwerera kwawo anapita nazo. Dzina la gogoyo sankalidziwa. A Amidu anatenga kathumba konse n'kutumiza pa njinga yamoto tsiku lomwelo. A Kettie atangozithira m'manja anakhala pansi pafumbi, n'kunena kuti ndi za amayi. A Gerishon anazipapasa, anazinunkhiza. Kenaka anati maso amanama, ndipo nkhani ya mayi uja si umboni. Anati tidikire masiku 60.

Koma maso awoawo anali atatha. Matenda a shuga anawagwira kuyambira 2016, ndipo pofika chaka chino kachiboo ka panyemba sakanakaona. Ana anati atumize wophunzira wa ku Bunda. Iwo anakana. Pa 2 Juni anawoloka bwalo ndi ndodo yawo, mabotolo awiri m'thumba la jekete, n'kukaima pakhomo la khitchini ya a Kettie. Anati kwawo kukuzizira, tizilombo sitiswa bwino, ndiye akupempha malo pamwamba pafupi ndi moto. Anatinso akufuna munthu wa maso, ndipo a Kettie pa zaka 78 amalowetsabe ulusi pasingano. A Kettie anakana katatu. Anati manja awo ndi omwe aja anaphika mbewu zija. A Gerishon anaika mabotolowo pa alumali n'kukhala pampando.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, dzuwa likafika pakhonde, a Kettie ankathira nyembazo m'mbale yoyera, kutembenuza imodziimodzi, n'kunena zimene aona. Akatha ankalemba tsiku ndi nambala m'kope. Ntchito yake ndi ya mphindi makumi awiri, koma ankakhala mpaka masana. Ndinkawamva ndili kwanga. Ankakangana za chaka chimene denga linagwa, za dzina la galu amene bambo awo anasiya, za nyimbo imene Anangozo ankaimba popeta. Wina akayamba mzere, wina ankamukonza. Pa 4 Julayi, tsiku la 33, botolo la nanyati linabooka, nyemba zisanu ndi zinayi tsiku limodzi. La zotuwa lija linali bwinobwino.

Tsiku limenelo ndinalipo, ndikuswa mtedza pambali. A Kettie atatseka kope, a Gerishon anawauza kuti pali kalata imene analemba mu Ogasiti 1992 kwa akuluakulu a kuntchito. M'kalatamo analemba kuti mbewu zatayika chifukwa cha kusasamala kwa iwo eni, popeza anazinyamula zonse osasiyako zina, anaziika m'nyumba ya anthu anjala, ndipo sanauze aliyense kuti n'zachiyani. Dzina la achemwali awo silinalimo. Anati zimenezi ankazidziwa kuyambira tsiku lomwe lija akusesa kuchipinda, ndipo chimene chinawaletsa kubwera zaka zonse zija si mkwiyo koma manyazi, chifukwa anasiya mlongo wawo atagwada ndi mtolo m'manja. A Kettie anati, "Kalatayo munalembera azungu a kuofesi. Ine zaka 33 munkati ndiiwerengera kuti?" A Kettie anapukuta mbale ija ndi nsalu yawo, n'kuwauza kuti mawa asachedwe, adzaphika phala.

Pa 7 Julayi m'mawa malemuwa anakanika kudzuka. Tinathamangira nawo kuchipatala cha Matandani, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu pa boma. Madokotala anati impso zatopa. A Kettie anafuna kukagona nawo kuchipatalako monga mlongo, koma iwo anawabweza, anati pakhomo pali ntchito. Ndiye m'mawa uliwonse mwana wawo Christabel ankawaikira foni pakhutu, a Kettie n'kunena tsiku ndi nambala. Tsiku la 37, palibe. La 38, palibe. Lachisanu pa 11 Julayi, tsiku la 40, anamva kuti palibe, n'kufunsa ngati chisanu chayamba kuchepa kudimba. Anapempha kuti awatembenuzire kuwindo, ngakhale sankaona kanthu. Abusa anabwera madzulo kudzapemphera nawo polowa Sabata. Anamwalira pa Sabatapo, pa 12 Julayi 2025, nthawi ili cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 75. Linali tsiku la 41.

Ana anandipempha kuti ndilembe m'mbirimu kuti bambo awo anapeza kaphulusa asanatisiye. Ndikuwamvetsa, koma ndakana. Munthu amene anataya nyemba maulendo 34 chifukwa cha kachiboo kamodzi sitingamunamizire pamaliro pake. Sanadziwe. Anapita atatsala ndi masiku 19, ndipo ankafunitsitsa kudziwa. Malangizo anasiya, Christabel analemba. Nyemba zotsala za m'kathumba kaja anazigawa patatu: zina zili kwa a Amidu pa Zalewa, zina kwa Christabel ku Lilongwe, zina zili pano. Tsiku la 60 ndi Lachinayi pa 31 Julayi. Likafika popanda chiboo, za pano zidzadzalidwe kudimba mu Ogasiti, zokolola zidzagawidwe nyumba ndi nyumba, zina zipite ku Chitedze. Zikabooka, zitayidwe kunkhuku, botolo litsukidwe, ndipo a Amidu apitirize kuyang'ana. Anatinso pasapezeke wozitchula dzina tsikulo lisanakwane, ngakhale a Kettie amene.

Malemuwa asiya ana atatu, Christabel, Wisdom ndi Chiyanjano, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi achemwali awo a Kettie. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a pa Matandani ndi a pa boma, amene anayesetsa. Likuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Dorika amene akhala nafe kuyambira tsiku loyamba, mafumu, ndi adzukulu amene alimbana ndi dothi louma la kumanda kuyambira m'mamawa. Likuthokoza anzawo a ku Bvumbwe, Chitedze ndi Bunda chifukwa cha bokosi ndi galimoto. Likuthokoza achibale a malemu mayi Prisca a ku Ligowe. A Amidu, inu mawu othokozera ndilibe. Mwatseka shopu masiku awiri, ndipo mwakhala nafe m'nyimbo zimene si zanu. Mayi wa ku Zobuwe uja akadzabweranso pamsika, mudzamuuze kuti kuno kuli anthu akufuna kumuona nkhope.

Lero m'mawa, anthu asanayambe kusonkhana, a Kettie anadzuka pamphasa yamaliro, anatenga mbale yoyera, n'kukakhala pakhonde. Mpando wa achimwene awo anauika pamalo pake. Anatembenuza nyemba zonse makumi asanu, ananena nambala mokweza monga mwa masiku onse, n'kulemba m'kope. Tsiku la 43, palibe.

Asuweni, a Gerishon, mwabwera kwanu ndipo mugona pafupi ndi Anangozo. Masiku 17 atsalawa tiwerenga ndife. Mzimu wanu uuse mumtendere mpaka tsiku limene Mwini wake adzakudzutseni.